Cipembele wa ku Shiwa Ng'andu

Stewart Gore-Browne anabadwa ku London pa 3 May, 1883. Atatha sukulu analowa usilikari, m'gulu la oomba mizinga. M'caka ca 1911 Boma la England linamtumiza ku Africa pamodzi ndi Azungu ena kukalemba malire a pakati pa Northern Rhodesia ndi Congo. Inali nchito ya miyendo, yoyenda m'thengo miyezi yambiri ndi kugona m'mahema.

Nchitoyo itatha m'caka ca 1914, iye sanafune kubwerera kwao msanga. Anayenda m'dziko la Abemba, kumpoto kwa Mpika, nafika pa nyanja yaing'ono yozingidwa ndi mapiri. Dzina lace ndi Shiwa Ng'andu, ndiko kunena nyanja ya ng'ona zacifumu. Malowo anamtenga mtima, nagula maekala 10,000 pa mtengo wa masheleni awiri ekala imodzi. Koma asanamange kanthu, Nkhondo Yaikuru inabuka ku Ulaya. Anapita ku France kukamenyana ndi Ajeremani, ndipo kumeneko analandira mendulo ya D.S.O., imene amapatsa akuru a asilikari ocita bwino pankhondo.

Anabwerera ku Shiwa m'caka ca 1920. Njanji inali kutali, ulendo wa mamailosi 400, motero katundu wambiri anafika pamitu pa amtengatenga. Njerwa anaziumba pomwepo. Pang'ono ndi pang'ono panamangidwa nyumba yaikuru yansanja, nyumba za anchito, sukulu ndi cipatala. Anabzala malalanje ndi mandimu, natcheza mafuta onunkhira ogulitsa kunja. Koma tisabise mbali yina ya munthuyu. Anali waukali, wosacedwa kupsa mtima, ndipo m'zaka zimenezo ankamenya anchito ace akalakwa. Cifukwa cace Abemba anamucha Cipembele, ndiye cipembere m'Cinyanja, nyama imene imathamangira munthu isanamuone bwino.

Moyo wace unatembenukira ku Broken Hill, mzinda umene lero uchedwa Kabwe. Mzindawu unakula cifukwa ca mgodi wa mtovu ndi zinki, ndiponso cifukwa ca njanji imene inafikako m'caka ca 1906. M'caka ca 1935 Gore-Browne anasankhidwa kukhala m'Bwalo la Malamulo, kuimira cigawo ca kumpoto, ndipo ambiri a omsankhawo anali Azungu a pamgodi ndi panjanji a ku Broken Hill. Masiku amenewo m'Bwalomo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Ku Broken Hill komweko anapalana ubwenzi ndi woyendetsa sitima wina, mtsogoleri wa Azungu a panjanji, dzina lace Roy Welensky. Anthu awiriwa anali osiyana ndithu: wina mwana wa banja lomveka, wina wokulira muumphawi ndi kumenya nkhonya kuti apeze ndalama. Komabe anakondana, ndipo Gore-Browne anamlimbikitsa mnzaceyo kulowa m'Bwalo. M'caka ca 1938 Welensky anasankhidwa kuimira Broken Hill, pamene Bwanamkubwa anaika Gore-Browne kukhala wolankhulira anthu akuda.

Mzungu wina akadalandira mpando umenewu ndi kungokhalapo. Iye anayamba kuyenda m'midzi ndi m'makomboni, kukhala pansi ndi mafumu, aphunzitsi, akalaliki ndi anchito, ndi kumva zowawa zao. M'caka ca 1940 anchito a kumigodi ya mkuwa anakana kugwira nchito pofuna malipiro abwino, ndipo ku Nkana asilikari anaomba mfuti, anthu 17 nafa. Gore-Browne anapita kumigodiko kukalankhula ndi anchitowo. M'Bwalo anadzudzula mwambo wogulitsa katundu kwa anthu akuda pazenera, osawalola kulowa m'sitolo. Anathandizanso anyamata anzeru kupeza maphunziro apamwamba. Mmodzi wa iwo anali Harry Nkumbula. M'caka ca 1945 Mfumu ya ku England inampatsa ulemu wochedwa Sir.

Koma kulankhulira anthu sindiko kudziwa zonse za m'mtima mwao. M'caka ca 1948 iye anavomereza maganizo akuti aphungu a m'dziko momwemo, amene ambiri anali Azungu, apatsidwe mphamvu zolamulira. Anayesa kuti acita bwino, koma sanafunse eni ace. Anthu akuda anakwiya kwambiri, naona ngati wawagulitsa. Cikhulupiriro cao cinacepa, ndipo m'caka ca 1951 anacoka m'Bwalo nabwerera ku Shiwa. Kumenekonso zinthu sizinayende bwino, pakuti patapita zaka zowerengeka nthenda inapha mitengo yace ya malalanje.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinayamba m'caka ca 1953, ndipo kuyambira 1956 Nduna yace Yaikuru inali Welensky, bwenzi lija la ku Broken Hill. Apa nkhalambayo inayenera kusankha mbali. Inazindikira kuti nthawi yakuti Mzungu alankhulire anthu akuda yatha, ndipo kuti eni dziko ayenera kudzilamulira. Motero inalowa cipani ca UNIP, cotsogozedwa ndi Kenneth Kaunda, mnyamata wa ku Chinsali, kufupi ndi Shiwa. Azungu ambiri anamda Gore-Browne cifukwa ca ici. M'caka ca 1962, ali ndi zaka pafupifupi 79, anatsagana ndi Kaunda ku New York kukacitira umboni ku bungwe la United Nations. Caka comweco anaima pa cisankho m'dzina la UNIP, koma analephera popeza Azungu anzace sanamsankhe. Pa 24 October, 1964, anaona ndi maso ace dziko la Zambia likulandira ufulu.

Sir Stewart anamwalira ndi cibayo m'cipatala ca ku Kasama pa 4 August, 1967, ali ndi zaka 84. Boma la Zambia linamcitira maliro aulemu wa dziko lonse, cinthu cimene linali lisanacitirepo Mzungu wina. Pulezidenti Kaunda anafika pamaliropo nalankhula, ndipo panali mafumu a Abemba, asilikari ndi khamu la anthu a m'midzi. Anamuika paphiri loyang'anana ndi nyanja ija ya ng'ona.