Daniel Kachamba: katswiri amene anamanga nyimbo pa makodi atatu

Pamene Daniel Kachamba ankamwalira pa 25 July 1987, anali ndi zaka pafupifupi 40 zokha, koma gitala yake inali italira kale pa wayilesi ya MBC mpaka kufika m'midzi yakutali ndi kwawo monga ya ku Msundwe ndi Nsaru.

Iye anabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Bambo ake, a James Kachamba, analinso oyimba gitala. M'chaka cha 1957 banjali linasamukira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo kumeneko mnyamatayu anakumana ndi kwela, chamba cha ku Johannesburg chimene chinatchuka ndi chitoliro cha Spokes Mashiyane. Atabwerera kumudzi kwa Singano ku Chileka mu 1961, Daniel ndi mng'ono wake Donald anayambitsa gulu lawo: gitala, chitoliro chachitsulo, babatoni wa nsambo imodzi ndi chisekese.

Chinsinsi cha mayimbidwe awo chinali m'makodi, kutanthauza mawu angapo olira pamodzi. Woyimba kwaya aliyense amawadziwa: do-mi-so ndiye pakhomo, fa-la-do ndiye ulendo, ndipo so-ti-re ndiye kodi yosakhazikika, imene imakokera khutu kubwerera pakhomo. Akatswiri amaitcha dominant. Mukaikapo fa, kukokako kumakula chifukwa ti amafuna kukwera ku do pamene fa amafuna kutsikira ku mi. Mukasanjikizaponso la pamwamba, mawu amakwana asanu, so-ti-re-fa-la, ndipo imeneyo ndiyo dominant ninth, kodi yonona imene Claude Debussy ankaikonda ku France ndiponso yodzaza m'nyimbo za jazz ku America.

Kwela inatengera zambiri ku jazz, koma sinatsate njira younjika makodi ochuluka. Inasankha atatu aja n'kumawazunguliza mosalekeza, ngati anthu osinja pamtondo. Ena angaone ngati uku n'kusauka kwa luso, komatu pabwalo lopapatiza chotero m'pamene mmisiri amaonekera. Daniel ankamanga nsambo m'njira zosiyanasiyana, ndipo akakhala yekha chala chachikulu chinkagwira mawu a pansi, chala cholozera chikuyendetsa nyimbo pamwamba, moti womvera ankayesa kuti akuyimba anthu awiri. Sinjonjo, lumba ndi simanjemanje zonse zinkatuluka m'gitala yomweyo.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anapeza anyamatawa akuyimba mumzinda wa Blantyre. Anawajambula mawu ndi kanema, kenaka analemba buku lakuti The Kachamba Brothers' Band, limene linasindikizidwa m'Chingerezi mu 1974. Ubwenzi umenewu ndiwo unatsegula njira yakuti Daniel akayimbe ku Ulaya mu 1972. Kuno kwathu anthu anazolowera kumutchula kuti Dokotala Kachamba, ngakhale sukulu yake yeniyeni inali m'misewu ndi m'malo a zisangalalo.

Chodabwitsa n'chakuti pofika nthawiyo kwela inali itazilala ku South Africa komwe inabadwira, koma kwa Singano inali ikadali ndi moyo. Daniel atamwalira, Donald anapitiriza kuphunzitsa ana a m'mudzimo chitoliro ndi babatoni kufikira naye atatisiya mu 2001.