Mbiri ya malemu Daniel Kachamba, katswiri wa nyimbo za kwela

Malemu Daniel Kachamba, yemwe adabadwa m'chaka cha 1947, ndi mmodzi mwa oyimba amene adatchukitsa dziko la Malawi kunja.

Ali mnyamata, Kachamba adakhalako ndi makolo ake ku Salisbury, komwe pano ndi Harare, ndipo kumeneko ndi komwe adadziwira chamba cha kwela. Atabwerera kwawo m'mudzi wa Singano ku Chileka, adayambitsa gulu la Kachamba Brothers pamodzi ndi mng'ono wake Donald. Daniel ankaimba gitala pomwe Donald ankaliza chitoliro, ndipo awiriwa ankapeza ndalama poimba m'misewu ndi m'malo omwera mowa mumzinda wa Blantyre.

M'chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamatawa n'kujambula nyimbo zawo. Ubalewu udawatsegulira mwayi wokaimba ku Ulaya mu 1972, ndipo mu 1974 Kubik adatulutsa buku lofotokoza za gululi.

Kachamba adamwalira pa 25 July 1987. Luso lake silidalowe naye m'manda kaamba koti nyimbo zake zidajambulidwa ndi kusungidwa iye akali moyo.