Mayi Eglantyne Jebb ndi Ana a Adani

Amayi anzathu, ambiri a ife tinaonapo galimoto zolembedwa Save the Children zikudutsa m'midzi mwathu, koma ndi ochepa amene adziwa chiyambi chake cha bungwe limeneli. Dzinali litanthauza kuti pulumutsani ana. Analiyambitsa ndi amayi awiri apachibale a ku England, Eglantyne Jebb ndi mng'ono wawo Dorothy Buxton. Pano tifuna kusimba za mkuluyo, ndiponso za anthu wamba amene anagwira naye ntchito popanda malipiro.

Mayi Jebb anabadwa pa 25 Ogasiti 1876 ku Ellesmere, m'banja lopeza bwino ndi lopembedza. Mu 1895 anapita ku sukulu yaikulu ya ku Oxford, masiku amene asungwana ofika kumeneko anali owerengeka. Atatsiriza anakaphunzira uphunzitsi, ndipo mu 1899 anayamba kuphunzitsa ana a anthu osauka ku Marlborough. Ntchitoyi inawakanika. Sanakhalitse, anaisiya. M'makalata awo sanabise kuti phokoso la ana linkawatopetsa, ndipo moyo wawo wonse sanakwatiwe kapena kubereka mwana. Ife titamva zimenezi tinadabwa ndithu, pakuti tinkayesa kuti woyambitsa bungwe la ana ayenera kukhala mayi wansangala, wosachoka mwana kumsana. Koma chimene iwo anali nacho ndi mtima wosapirira kuona mwana akuzunzika pa mlandu umene sanapalamule.

Atasiya uphunzitsi anakakhala ndi mayi awo ku Cambridge, kumene anadzipereka kuyendera mabanja osauka. Mu 1913 anatumidwa ku Macedonia kukapereka ndalama zothandizira anthu othawa nkhondo. Kumeneko anaona ndi maso awo chimene nkhondo ichita kwa akazi ndi ana.

Chaka chotsatira inabuka nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse. Inatha mu Novembala 1918, komabe Britain ndi maiko anzake anapitiriza kutseka njira za panyanja kuti katundu asalowe ku Germany ndi ku Austria, maiko amene anagonja. Tsono njala inakula koopsa. Mu mzinda wa Vienna mkaka unasowa, amayi mawere anauma, ana anapindika miyendo chifukwa cha kufooka kwa mafupa, ndipo chifuwa chachikulu chinatenga ambiri. Mayi Buxton ankadziwa zonsezi popeza kuyambira nthawi ya nkhondo ankaitanitsa nyuzipepala za maiko ena, ndipo gulu la anthu odzipereka linkawathandiza kumasulira nkhanizo m'Chingerezi.

Mu 1919 Mayi Jebb anaima pa bwalo la Trafalgar Square mu London nayamba kugawira anthu timapepala tokhala ndi chithunzi cha mwana wa ku Austria woonda, mafupa okhaokha. Apolisi anawagwira chifukwa boma linali lisanaloleze timapepalato. Kubwalo la milandu anadziyankhira okha, koma mlandu unawagwera ndipo anawalipitsa mapaundi 5. Chodabwitsa nchakuti bambo amene ankawazenga mlanduyo anapisa m'thumba napereka mapaundi 5 ake kuti akathandizire anawo.

Pa 19 Meyi 1919 anaitanitsa msonkhano m'nyumba yaikulu yotchedwa Royal Albert Hall, ndipo pamenepo ndi pamene bungweli linabadwa. Sikuti onse amene anadza anadza ndi mtima wabwino ayi. Ena anabwera ndi zipatso zowola kuti awagende. Tisafulumire kuwaweruza anthu amenewa. Ambiri anali atataya amuna awo ndi ana awo aamuna ku nkhondo, ndipo lero akuuzidwa kuti asonkhere ana a anthu omwe anawaphera abale. Ndani wa ife akanamasula kansalu kake ka ndalama msanga? Kwathu kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwana wa mdani wako ndi nkhani ina, yolimba. Mayi Jebb anaimirira pamaso pa khamulo, ndipo mfundo yawo inali imodzi, yakuti khanda silinamenye nkhondo ndi munthu aliyense. Anthu anakhala chete, ndipo potuluka anapereka.

Kuyambira pamenepo ntchito inachoka m'manja mwa amayi awiri aja niilowa m'manja mwa anthu ambirimbiri amene maina awo sitiwadziwa. M'matauni ndi m'midzi ya ku Britain munayamba timakomiti, ndipo nthambi yoyamba inatsegulidwa ku Fife, ku Scotland. Ochuluka m'timakomitimu anali amayi. Ankayenda khomo ndi khomo kupempha, ankasonkhanitsa zovala zakale, kuzichapa, kuzisoka mong'ambika ndi kuzimanga m'mitolo. Ena ankaluka, ena ankagulitsa zophikaphika, ena ankangokhala mu ofesi kutsegula makalata ndi kuwerenga makobiri. Ana a sukulu anaponyapo tindalama tawo. Bungwe la amuna okumba malasha, anthu a ntchito yowawa, linapereka mapaundi 10,000. Zina mwa ndalama zoyambazo zinagula ng'ombe zamkaka kuti ana a ku Vienna amwe mkaka. Nzeru imeneyi ife yatikondweretsa, chifukwa chitini cha mkaka chitha lero lomwe, pamene ng'ombe ikamidwa mawa ndi mkuja.

Mipingo nayo inalowapo. Papa Benedict XV analembera mipingo yake kuti chopereka cha pa 28 Disembala 1919, tsiku lokumbukira ana amene anaphedwa ndi Herode, chipite kwa ana anjala a ku Ulaya, ndipo mipingo ina inachita chimodzimodzi. Mayi Jebb, ngakhale anali a mpingo wa Anglican, anapita ku Roma kukaonana ndi Papayo, amene anapereka mapaundi 25,000. Mu Januwale 1920 anakhazikitsa likulu logwirizanitsa ntchitoyi m'maiko onse ku Geneva, m'dziko la Switzerland.

Mayeso aakulu anadza mu 1921, pamene chilala ndi nkhondo yapachiweniweni zinadzetsa njala ku Russia. Apanso anthu anadandaula, ndipo nyuzipepala zina zinawanyoza kuti akudyetsa achikomyunizimu pamene kwawo komwe kuli amphawi. Iwo sanabwerere m'mbuyo. Anatumiza sitima yapamadzi yonyamula matani 600 a chakudya ndi mankhwala, natsegula malo ophikira ochuluka m'chigawo cha Saratov. Azungu a ku Britain amene anapita kumeneko anali ochepa chabe. Otunga madzi, osonkha moto, ophika ndi ogawa anali eni dziko okhaokha. Pa nthawi imene njala inafika pachimake, ana 300,000 ankalandira chakudya tsiku ndi tsiku.

Pali khalidwe lina la mayiwa limene asungichuma ndi alembi anzathu angalimvetse bwino. Sankafuna kuti ntchito yachifundo iyendetsedwe mwachisawawa poti ogwira ake salipidwa. Ankafuna mabuku a ndalama olongosoka, kuti wopereka adziwe kumene kobiri lake lapita. Analembanso anthu ena ochepa aluso pa malipiro, nagula masamba athunthu m'nyuzipepala kuti alengeze za njalayo. Ena anati uku nkuwononga ndalama za ana, koma zolengezazo zinabweretsa ndalama zoposa zimene zinalipidwa. Kugwira nawo ntchito sikunali kopepuka, pakuti sankadzipatsa mpumulo, ndipo anzawo ankawayembekeza kuchita chimodzimodzi.

Njala itachepa, zopereka nazo zinachepa, monga zichitikira kulikonse. Mayi Jebb anaona kuti chifundo cha anthu chimadza ndi kupita, motero anaganiza zolemba pa pepala zimene mwana aliyense ayenera kulandira, osati monga mphatso koma monga zake. Mu 1923 analemba mfundo zisanu zazifupi. Mwa zina, zinanena za kudyetsa mwana wanjala, kusamala wodwala, kusunga wamasiye, kuyamba kuthandiza ana pakagwa tsoka, ndi kuwateteza kwa ofuna kuwadyera masuku pamutu. Mu 1924 bungwe la maiko la nthawi imeneyo, League of Nations, linavomereza mfundozi. Ndizo zinakhala muzu wa pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene dziko lathu la Malawi linalivomereza mu 1991. Bungwe la Save the Children linafika kuno kwathu mu 1983.

Zonsezi iwo sanazione. Kwa zaka zambiri anavutika ndi chithokomiro, ndipo anachitidwa opaleshoni kangapo. Tsitsi lawo linayera msanga, thupi linatha mphamvu, koma ankalembabe makalata ali chigonere, ndipo m'masiku otsiriza maganizo awo anali pa ana a ku Africa ndi ku Asia. Anamwalira ku Geneva pa 17 Disembala 1928 ali ndi zaka 52, ndipo anaikidwa komweko. Mayi Buxton anatsala napitiriza kuthandiza anthu othawa kwawo kufikira ukalamba, namwalira mu 1963. Mpingo wa Church of England umakumbukira Mayi Jebb chaka ndi chaka pa 17 Disembala.