ERNST RUSKA: MUNTHU AMENE ANAONETSA ZOSAONEKA NDI MASO

Ernst Ruska anabadwa pa 25 December 1906 mu mzinda wa Heidelberg, m'dziko la Germany, naphunzira za magetsi ku Munich ndi ku Berlin. Masiku amenewo maikulosikopu, ndiwo makina oonera tinthu tating'ono, anali ndi malire ace. Kuunika kumayenda monga mafunde, ndipo kanthu kocepera theka la funde limodzi sikaoneka bwino, lingakhale galasi likome cotani.

M'caka ca 1931 Ruska ndi mphunzitsi wace, Max Knoll, anayesa njira yina. M'malo mwa kuunika anagwiritsa nchito maelekitironi, tinthu tonyamula magetsi topezeka m'atomu iliyonse. M'malo mwa galasi anaika waya wokulunga wopitamo magetsi, amene mphamvu yace ya maginito imakhotetsa maelekitironi ndi kuwasonkhanitsa pamodzi. Nawonso amayenda monga mafunde, koma mafunde ao ndi afupi kwambiri: pafunika ngati 100,000 kuti alingane ndi funde limodzi la kuunika.

Bvuto lalikuru linali lakuti maelekitironi akagunda cinthu cocindikala amaima momwemo, nacitentha kufikira cipserera. Mpweya nawonso umawamwaza, cotero uyenera kucotsedwa m'kati mwa makina. Koma Ruska anaona kuti cinthu cikakhala copyapyala ndithu, maelekitironi ambiri amangopyola osaciononga msanga, pamene ena amapatutsidwa ndi maatomu, makamaka olemera. Pomwe apatuka ambiri pamada, pomwe apyola pamawala, ndipo umo ndimo cithunzi cimapangikira. M'caka ca 1933 makina ace anakulitsa cinthu nthawi 12,000, napambana maikulosikopu a galasi.

M'caka ca 1937 analowa nchito ku kampani ya Siemens, imene inayamba kugulitsa makinawo mu 1939. Caka comweco mbale wace Helmut, amene anali dokotala, pamodzi ndi anzace awiri anajambula kacirombo ka vairasi kocititsa mawanga pa masamba a fodya. Kufikira masiku amenewo anthu anadziwa mavairasi ambiri ndi matenda ao okha, osawaona.

Ulemu unacedwa kumfika. Analandira mphotho ya Nobel mu 1986, patapita zaka 55 ciyambire nchitoyo, namwalira ku Berlin pa 27 May 1988. Mphunzitsi wofotokozera ana za mavairasi lero akhoza kuwaonetsa cithunzi cace ca kacirombo, cifukwa Ruska sanaleke nchito poona zinthu zoyamba zirikupserera.