Lucas Sithole: Mmisiri Amene Anayambira pa Dongo la Agogo Ake

Aphunzitsi ambiri a kumkaka amadandaula kuti sangaphunzitse luso la zojambula ndi zoumba chifukwa alibe penti, mapepala kapena makirayoni. Musanavomereze dandaulo limeneli, tawerengani mbiri ya munthu uyu.

Lucas Sithole anabadwa pa 15 November 1931 ku Springs, tauni ya migodi ya golide kum'mawa kwa Johannesburg, m'dera limene lero likutchedwa Ekurhuleni. Bambo ake anali Mzulu ndipo mayi ake anali Mswazi. Ali khanda anamutumiza ku Swaziland, dziko limene kuyambira mu 2018 limatchedwa Eswatini, kuti akaleredwe ndi agogo ake aakazi. Anakhala kumeneko mpaka atafika zaka pafupifupi 6.

Agogowo anali odziwa kuumba mbiya. Mwanayo ankaonerera manja awo akukanda dongo, ndipo ankamvera nthano zawo za nyama, njoka ndi mizimu ya m'madzi. Naye anayamba kuumba tinyama tadongo. Tangoganizani, zonsezi zinachitika pa msinkhu womwewu wa ana amene inu mumawaphunzitsa. Panalibe bolodi, panalibe mayeso. Panali dothi, nthano ndi munthu wamkulu woleza mtima.

Atabwerera ku Springs analowa sukulu, ndipo kenaka anapita ku Vlakfontein Technical College. Cholinga chake chinali kuphunzira zosemasema, koma kunalibe mphunzitsi wa phunzirolo. M'malo mwake anaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi kuwotcherera zitsulo. Sanataye mtima, ndipo lusoli linadzamuthandiza kudziwa mitengo ndi zida zosemera. Cha m'ma 1959 ndi 1960 anaphunzirako ku Polly Street Art Centre ku Johannesburg, kumene Cecil Skotnes ankatsogolera maphunziro. Awa anali amodzi mwa malo ochepa kwambiri kumene munthu wakuda akanaphunzira luso lotere m'nthawi ya tsankho.

A Sithole anakhala ku KwaThema, lokeshoni ya ku Springs, mpaka mu 1981 pamene anasamukira kufupi ndi Pongola. Ankasema kwambiri mitengo yachilengedwe ya komweko, ngakhale anagwiritsanso ntchito miyala ndi zitsulo. Kawirikawiri ankayamba ayang'anitsitsa chitsa kapena muzu, n'kulola kupindika kwake kuti kuwauze chimene asemepo. N'chifukwa chake ziboliboli zawo zambiri ndi za anthu aatali, oonda, okhotakhota, komanso nyama zonga za m'nthano zija. Anamwalira pa 8 May 1994, patangopita masiku owerengeka dziko lawo litachita chisankho choyamba cha anthu a mitundu yonse.

Nanga ife tikuphunzirapo chiyani? Choyamba, mwana amayamba ndi chimene chili pafupi naye, ndipo nyengo iliyonse imabweretsa zake. M'dzinja dongo limafewa: ana aumbe ng'ombe, achule ndi timiphika. M'masika muli mapesi, makoko a chimanga, zitsononkho ndi njere zosiyanasiyana: apange zidole, magalasi a mapesi ndi zithunzi zomata. M'chilimwe masamba auma ndipo mchenga uli mbwee: ajambule pansi ndi chala kapena ndi makala, atole mizu ndi timitengo n'kunena chimene akuonamo. Samalani kuti ana aang'ono asaike njere m'kamwa, m'mphuno kapena m'makutu, ndipo asambe m'manja akamaliza.

Chachiwiri, yambani ndi nthano. Mwana amene wamva za kalulu ndi njovu savutika kusankha choti aumbe. Chachitatu, musamukonzere ntchito yake. Ng'ombe ikatuluka ya miyendo itatu, m'funseni akufotokozereni. Mukaiphwanya n'kumuumbira yanu, mawa adzabisa manja kumbuyo. Paja kuongola mtengo n'kuli waung'ono, koma woongola mwankhanza amauthyola.

Ntchito

1. Lembani zipangizo zisanu zopezeka kwanuko pa nyengo iliyonse mwa nyengo zitatu tatchulazi.
2. Pezani agogo odziwa kuumba m'mudzi mwanu, ndipo konzani phunziro la mphindi 20 limene iwo angathandizepo.
3. Kambiranani ndi mphunzitsi mnzanu mmene mungasungire zoumba za ana kuti makolo adzazione potsekera teremu.