INKOSI GOMANI WOYAMBA, MWANA WA CIKUSE

Pamene Inkosi Cikuse anamwalira m'caka ca 1891, mwana wace Gomani analandira ufumu wa Angoni a kwa Maseko uli wong'ambika kale. Gwero la mlanduwo linali lakale ndithu. Mputa, atate wace wa Cikuse, ataphedwa ku dziko la Songea, mbale wace Cidyaonga ndiye anasunga mpando popeza mwini ufumu anali mwana. Ndiyenso anabweza mtundu wonse kudzamanga ku phiri la Domwe, kufupi ndi Dedza. Cidyaonga atamwalira, ufumu unabwereradi kwa Cikuse. Koma Cifisi, mwana wa Cidyaonga, sanakondwere nazo, ndipo kuyambira pamenepo nyumba ziwirizo sizinamwerane madzi.

Gomani, akali mnyamata, anamenyana zaka zingapo ndi Kacindamoto wa nyumba ya Cifisi, Ayao a kwa Mponda nalowererapo. Potsiriza Kacindamoto anakhazikika kunyanja, ku Mtakataka. Nkhondo ya pacibale imeneyi inapululutsa amuna ambiri, ndipo pomwe inazirala, Azungu anali atakhazika kale Boma lao ku Zomba.

Tsono panabuka zobvuta zina zimene nthungo sizikanatha kuziletsa. Boma linafuna msonkho wa nyumba. Anyamata anayamba kucoka kukagwira nchito ku minda ya Azungu ku Blantyre, ndipo ena amene kale anali kulimira Inkosi anakabisala ku mishoni. Mfumu yotsala yopanda anthu ingachedwenso mfumu kodi? Gomani anakana msonkhowo, ndipo m'mwezi wa October 1896 ankhondo ace anatentha midzi yozungulira Zambezi Industrial Mission ku Dombole, m'dziko la Ncheu.

Boma silinazengereze. Linatumiza asilikari ndi mfuti, Angoni anabalalika, ndipo Gomani anagwidwa. Akuruakuru a Cingoni amasimba kuti panjira iye anakhala pansi, nakana kuyendetsedwa ngati kapolo pamaso pa anthu ace. Anamuombera pa 27 October 1896, atalamulira zaka zisanu zokha.

Anasiya mwana wamng'ono, Philip, amene analowa ufumu m'caka ca 1921 monga Gomani Waciwiri. Iyenso Boma linamcotsa pa mpando m'caka ca 1953 cifukwa cokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anamwalira caka cotsatira ku cipatala ca Malamulo.