John Newton—Mwamuna Amene Anasimba za Chifundo cha Mulungu

KODI munthu amene anagula ndi kugulitsa anthu anzake angaphunzitse ena za ubwino wa Mulungu? John Newton, mlaliki wa ku England wa m'zaka za zana la 18, anatha zaka zoposa 40 akuchita zimenezo. Umboni umene iye anagwiritsira ntchito kaŵirikaŵiri unali mbiri ya moyo wake weniweniwo.

Mnyamata Wopanduka

Newton anabadwira mu London mu 1725. Amake, mkazi woopa Mulungu, anamphunzitsa Malemba, koma anamwalira mwanayo asanakwanitse zaka 7. Pausinkhu wa zaka 11 iye anayamba kuyenda panyanja ndi atate wake, amene anali mkulu wa chombo. M'zaka zoŵerengeka anataya chikhulupiriro chake nadziŵika pakati pa amalinyero monga wotukwana ndi wonyoza Mulungu.

Mu 1744 anakakamizidwa kuloŵa m'gulu la nkhondo la pamadzi. Atayesa kuthaŵa, anagwidwa nakwapulidwa pamaso pa anzake. Pambuyo pake anasamutsidwira m'chombo cha malonda a akapolo, ndiyeno anatsalira pazisumbu za Plantain, kugombe la Sierra Leone, kumene anagwirira ntchito wogulitsa akapolo wina. Kumeneko anadwala malungo, anazunzidwa, ndipo nthaŵi zina akapolo omangidwa ndiwo anamgaŵira chakudya chawo mobisa.

Namondwe wa 1748

Atate wake anapempha mabwenzi kuti amfunefune, ndipo chombo chotchedwa Greyhound chinamtenga. Mu March 1748, paulendo wa kumudzi, namondwe wowopsa anakantha chombocho panyanja ya Atlantic. Mmalinyero wina anakokoloka ndi mafunde. Kwa maola ambiri Newton anapopa madzi atadzimangirira ndi chingwe, ndipo ali m'nsautso imeneyo anapempha chifundo kwa Mulungu amene iye anali kumchitira mwano. Patapita pafupifupi milungu inayi, chakudya chitatsala pang'ono kutha, chombocho chinafika ku Lough Swilly, ku Ireland. Kufikira imfa yake, Newton anakumbukira tsiku la namondweyo chaka ndi chaka mwa pemphero.

Komabe, kusintha kwake sikunali kwamwadzidzidzi. Iye analeka kutukwana nayamba kuŵerenga Baibulo, koma anapitirizabe malonda a akapolo. Mu 1750 anakwatira Mary Catlett, ndipo pakati pa chaka chimenecho ndi 1754 anayenda maulendo atatu monga mkulu wa zombo zonyamula akapolo. Chimene chinamchotsa panyanja chinali nthenda yadzidzidzi, osati chikumbumtima.

Asimba Zimene Mulungu Anamchitira

Akugwira ntchito padoko la Liverpool, Newton anadziphunzitsa Chigiriki ndi Chihebri. Mu 1764 anaikidwa kukhala mbusa wa Tchalitchi cha England m'tauni yaing'ono ya Olney. M'chaka chomwecho mbiri ya moyo wake, yolembedwa monga makalata 14, inafalitsidwa pamutu wakuti An Authentic Narrative. Mmenemo anafotokoza nthaŵi zambiri zimene anapulumuka imfa, akumasonyeza kuti sanali woyenerera chipulumutso chilichonse cha zimenezo.

Njira yolalikira imeneyi njozikidwa m'Malemba. Wamasalmo anaitana oopa Mulungu kuti amve zimene Mulungu anamchitira. (Salmo 66:16) Yesu anauza mwamuna amene anamtulutsa ziŵanda kuti apite kwawo akauze abale ake za chifundo chimene analandira. (Marko 5:19, 20) Nayenso mtumwi Paulo, poima pamaso pa Mfumu Agripa, anasimba mmene wozunza Akristu anakhalira mlaliki. (Machitidwe 26:9-20) Anthu osauka a ku Olney, ambiri a iwo oluka nsalu zamaluŵa, anatha kumvetsa uthenga wotero. Ngati Mulungu analeza mtima ndi mmalinyero wamwano, akanathanso kuwachitira iwo chifundo.

Newton anasimbanso nkhani yake m'nyimbo. Pa January 1, 1773, analalikira pa 1 Mbiri 17:16, 17, pamene Mfumu Davide akuzizwa kuti Mulungu wamfikitsa pamene anali. Nyimbo imene anailembera ulalikiwo ndiyo yodziŵika lerolino monga Amazing Grace. Inasindikizidwa mu 1779 m'buku la Olney Hymns, limene analemba ndi bwenzi lake William Cowper.

Mbali Imene Inatsala

Koma umboni wa 1764 unali wopereŵera. Unatchula mwano ndi chisembwere za Newton, koma sunatsutse malonda a akapolo. Mulungu amene anasunga mkulu wa chombo anali kuwonanso amuna, akazi, ndi ana a mu Africa omangidwa pansi pa chombocho, ndipo za iwo bukulo linanena zochepa kwambiri.

Mu 1780 Newton anasamukira ku tchalitchi cha St Mary Woolnoth mu London. Mu 1785 analangiza William Wilberforce, phungu wachichepere, kuti asasiye Nyumba ya Malamulo koma atumikire Mulungu ali momwemo. Ndiyeno mu 1788, zaka 34 atachoka panyanja, anafalitsa kabuku kakuti Thoughts Upon the African Slave Trade. Anavomereza poyera kuti kuulula kwake kunachedwa kwambiri, nafotokoza unyolo, kupanikizana, matenda, ndi imfa zimene anaziwona ndi maso ake. Makope anatumizidwa kwa aphungu, ndipo iye anaperekanso umboni pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo. Lamulo loletsa malondawo m'zombo za Britain linavomerezedwa mu March 1807. Newton, atakalamba ndi kuchita khungu, anamwalira pa December 21 chaka chomwecho, ali ndi zaka 82.

Phunziro kwa Ife

Mkristu aliyense ali ndi kanthu kena kamene angasimbe ponena za ubwino wa Mulungu, ngakhale kuti sanakumanepo ndi namondwe panyanja. Komabe, moyo wa Newton umatisonkhezera kudzifunsa mafunso aŵiri. Kodi nkhani yathu imatamanda Mulungu, kapena imatamanda ife? Ndipo kodi imabisa anthu amene tinawalakwira? Zakeyu atalandira chifundo anakumbukira pomwepo awo amene anawanyenga. (Luka 19:8) Anansi athu adzakhulupirira mosavuta zimene tikunena ponena za kukoma mtima kwa Mulungu pamene awona kuti kwatisonkhezera kunena chowonadi chonse ndi kukonza zimene tinawononga.